Nyumba ya Anthu ndi Ng'ombe ku Galesi

Anthu akandiona ndikuwerama polowa m'nyumba, ngakhale khomo litalike bwanji, amayesa ndi ulemu. Ndimangowasiya. Chizolowezicho ndinachitenga ku Galesi, dziko la mapiri ndi nkhosa lomwe ena amati Welesi, m'nyumba ina yamiyala imene khomo lake linandilonjera ndi chotupa pamphumi tsiku loyamba lomwelo.

Kwathu ndi ku Chidzolomondo. Kachingerezi kanga ndinakatola ku Malawi, kumsasa wa othawa nkhondo, ndili kamtsikana. Titabwerera ndinakwatiwa, ndinabereka mwana mmodzi, Tereza, ndipo bambo ake anamwalira iye asanayambe sikola. Fodya wa mkazi wamasiye amangotha m'manja mwa aganyu. Ndinatsikira ku Tete kukagwira ntchito m'nyumba mwa Apwitikizi ena amene anatsatira malasha. Kontiratu yawo itatha, asinyora, mayi wa m'nyumbamo, anati ndipite nawo kwawo ndikawalerere ana.

Tsiku lonyamuka amayi anandiperekeza mpaka pamsewu wopita ku Furancungo, Tereza ali pambuyo atasenza thumba langa. Shapa, minibasi yathu ija, itadzaza, amayi anandigwira dzanja pazenera.

"Pita, mwanayu ndimusunga," anatero. "Koma usakachedwe. Ine ndayamba kufumbwa."

Ndinaseka. Tereza sanaseke, sanalirenso. Ankangoyang'ana matayala.

Za ku Portugal sindinena zambiri. Ana a asinyora anakula, anayamba kundichitira manyazi kwa anzawo, ndipo ntchito inatha popanda wotchula kuti yatha. Mwayi wake mapepala ondilola kukhala ku Ulaya anali atatuluka. Fernanda, mnzanga wa ku Angola amene tinkapemphera limodzi, anali atatsogola ku Galesi kukagwira pafakitale ya nyama. Ndi iye anandiimbira kuti kuli banja lina likufuna munthu wogonera konko wosamalira nkhalamba.

Amene anadzanditenga pasiteshoni ya sitima anali a Davide, mwana wa nkhalambayo, bambo wachete wogwira ntchito mumzinda wakutali. Tinayenda m'tinjira topanikiza, mipanda yamiyala uku ndi uku, mvula ikuwaza yosadziwika ngati ikuyamba kapena ikutha. Titakhota komaliza ndinaiona nyumbayo. Inali yaitali ngati chigafa cha fodya, yoyera mbee, yofolera ndi miyala yakuda yaphanthiphanthi, itagona motsetsereka m'mbali mwa phiri, mutu kumtunda, miyendo kumunsi. Nyumba ina yoyandikana nayo inkaoneka ngati kadontho kutsidya kwa chigwa.

A Davide anandifotokozera pang'onopang'ono kuti ndimve. Chakumtundako, anati, ndi kwa anthu. Chakumunsiko ndi kwa ng'ombe. Denga ndi limodzi, khomo ndi limodzi. Ukalowa umafika m'kanjira kopingasa nyumba, ndiye munthu amakhotera kudzanja lamanja, ng'ombe kumanzere.

"Ng'ombe m'nyumba, bwana?" ndinafunsa, poganiza kuti Chingerezi chandipita.

"Kale," anatero. "Pano mulibe. Koma makolo athu ankatero. Kutentha kwa ng'ombe kunkafunditsa nyumba nthawi yachisanu."

Kwathu, ngakhale Angoni a ku Tsangano amene ng'ombe iliyonse amaidziwa ndi dzina, khola amamanga panja. Ndikuganiza zimenezo ndi pamene ndinagunda mutu pamtanda wa pakhomo. M'kati munamveka kuseka kwa munthu wokalamba, kouma ngati makoko a chimanga. Awo anali agogo a Gweni.

Anali kamunthu kochepa, tsitsi ngati thonje, atakhala pampando wamatabwa m'kati mwenimweni mwa malo osonkhera moto. Ndikuti m'kati chifukwa malowo anali ngati kachipinda. Anthu atatu akanakhalamo, ndipo ukayang'ana kumwamba m'chotulukira utsi umaona kachigamba ka mtambo. Agogowo anabadwira m'nyumba momwemo, anakwatiwira momwemo, amuna awo anafera momwemo. Mutu wawo unali utayamba kutaya zinthu. Chingerezi ndi chimene chinayamba kuwathawa, n'kutsala ndi chilankhulo chawo chenicheni cha Chigalesi, chimene ine sindinkamva ngakhale liwu. Poyamba ndinkavutika nawo m'Chingerezi. Kenaka ndinaona kuti n'kungotaya nthawi. Iwo ankandilankhula Chigalesi, ine ndinkawayankha Chichewa.

"Agogo, dzukani, kwacha. Madzi atentha."

Iwo n'kuyankha zawozo, zazitali, akugwedeza mutu. Tinkamvana choncho.

Nyumba ndinaiphunzira ndi thupi, monga umaphunzirira munda watsopano. Makoma ake anali okhuthala moti ndikaika chigongono pamphepete pa zenera, zala sizinkafika pagalasi. Miyala yake sanaimange ndi simenti, anaimata ndi dothi, ngati ife. Mazenera anali ting'onoting'ono, masana amene m'nyumba munkakhala chizirezire. Pansi anayalapo miyala yakuda yozizira ngati mumtsinje, ndipo panali potsetsereka. Mbatatesi ikagwa patebulo inkagubuduka yokha kulowera kukhola. Ndinadzamva kuti anachita dala, kuti mkodzo wa ng'ombe usamabwerere kwa anthu. Denga linakhala pamitengo ikuluikulu yokhota, yochokera pansi n'kukakumana pamwamba ngati nthiti. Mtengo umodzi wopindika ankaung'amba pakati kuti mbali ziwirizo zifanane. Inali yakuda bii ndi utsi wa anthu amene ngakhale agogowo sankawadziwa maina. M'malo ena munkaoneka zipsera za nkhwangwa. Ndikamapukuta fumbi ndinkaika chala m'zipserazo, n'kumaganiza kuti wosemayo nayenso ankapuma n'kudzikanda m'mutu.

Chimene chinandipweteka si kuzizira. Ndi zii. Kwathu ukadzuka umamva mtondo kwa aneba, mwana akulira, wina akuthamangitsa mbuzi, wina akufunsa moto. M'nyumba ija makoma ankameza chilichonse. Mphepo inkatha kuwomba mpaka kuzula mitengo, iwe m'kati osamva kanthu. Panalibe wonena odi. Wamakalata ankaponya zake m'bokosi kumsewu n'kumapita. Anamwino ankabwera mwa apo ndi apo, akuyang'ana wotchi. Tsiku lina ndinadzipeza ndikupereka moni kwa nkhosa pampanda, mwaulemu wonse, mpaka kufunsa za kunyumba.

Ine ndinkagona m'kachipinda ka m'denga. Kuti ukafike kumeneko unkakwera makwerero amiyala ozungulira m'mbali mwa chotulukira utsi, opapatiza, okumbika pakati chifukwa cha mapazi a zaka zambiri. Kumeneko kunalinso chipinda cha agogo. Redi ya telefoni, netiweki ija, inkapezeka malo amodzi okha m'nyumba yonse, pakazenera ka kwanga, utagona chafufumimba pakhoma n'kutambasula dzanja. Ndi mmene ndinkalankhulira ndi kwathu. Achimwene anga a Zakariya ankakwera pachulu, ine pakhoma, aliyense akukuwa mbali yake. Ankandiuza za njerwa za nyumba yanga zimene aumba ndi ndalama zimene ndinkatumiza, za malata, za feteleza. Akapereka telefoni kwa Tereza, iye ankati, "Tili bwino, kaya inu," n'kukhala chete mpaka ndalama zitatha.

Domingu lina lililonse, tsiku la Mulungu, a Davide akabwera, ndinkatsika kutauni kwa Fernanda. Ankakhala m'kachipinda pamwamba pa sitolo, manja ake atasweka ndi madzi ozizira a kufakitale. Tinkaphika nyemba ndi tsabola wambiri, iye n'kundiluka tsitsi ndili pansi pakati pa miyendo yake. Tinkalankhula Chipwitikizi mpaka kukhosi kuwawa.

"Mana, m'bale wanga," ankatero, "iwe ukukhala m'manda opaka njereza. Bwera kufakitale, kuli anthu."

"Nanga agogo aja?"

"Ndi amako?"

Madzulo ndinkakwera basi yomaliza, n'kumaliza ulendo wapansi kukwera phiri.

Vuto linayambira pamakwerero. M'mawa wina agogo anaterereka akutsika, n'kugwera pa ine. Sanathyoke, koma ntchafu inada yonse. A Davide anabwera ndi mmisiri kuti aike zogwirira ndi kampando kamagetsi kokwezera munthu. Mmisiriyo anangoyang'ana n'kupukusa mutu. Nyumbayo, anati, ndi yakale kwambiri, ili m'manja mwa malamulo a boma osunga zamakedzana, sungaboole khoma popanda chilolezo. Patapita masabata kunabwera mayi wina wochokera kuofesi yoona zimenezo. Anali munthu wabwino, anavula nsapato pakhomo, anasisita mitengo ya denga ngati akusisita mwana. Chogwirira chachingwe analola. Kampando anakana, ndipo anatisonyeza kuti ngakhale akanalola sikakanakwana, makwererowo ndi opapatiza.

Atapita, a Davide anakhala patebulo atagwira mutu.

"Ndiwapititsa kunyumba yosungira okalamba," anatero. "Palibenso njira."

Tinayesa kaye kuwatsitsira agogo bedi pansi, pafupi ndi moto. Anakana. Dzuwa likangopendeka ankapita pansi pa makwerero n'kuima, dzanja lili pamwala woyamba, akulira ngati mwana wotsekeredwa kunja. Chipinda chawo chinali kumwamba, mutu wawo unkadziwa chimenecho basi.

Ndinatenga kapulana wanga, chitenje chakwathu, m'thumba. Ndinagwada patsogolo pawo n'kuwapatsa msana.

"Kwerani, agogo. Musaope."

Sindikudziwa chimene anamva, koma anandikoleka manja m'khosi. Ndinawamanga monga timamangira mwana, mfundo pachifuwa. Ankalemera ngati mtolo wa mapesi. Ndinakwera pang'onopang'ono, mapewa akukhula makoma mbali zonse, mapazi akugwera m'maenje a eni nyumba. Tikufika pamwamba anali akuimba kanyimbo m'khutu mwanga.

A Davide anali ataima pansi, akuyang'ana. Anati lamulo la ntchito yanga silikanalola zimenezo, anamwino akamva adzakalipa. Kenaka anatembenukira kuzenera. Nkhani ya nyumba ya okalamba sinatchulidwenso. Kuyambira tsikulo ndinkawabereka m'mawa potsika, madzulo pokwera.

Chisanu chikatha tinkapaka njereza. A Davide ankabwera ndi zidebe, agogo tinkawakhazika panja atafunda bulangeti kuti aziyang'anira. Penti wa m'sitolo sankaloledwa. Ankati khoma ladothi limapuma, ukalitseka ndi penti kapena simenti limawola m'kati. Zimenezo sizinandidabwitse, amayi ankanenanso chimodzimodzi pozira nyumba. Tsiku lopaka ndi limene ndinkasangalala kwambiri m'chaka. Agogo ankaloza ndi ndodo pamene ndadumpha, akukalipa m'Chigalesi, ine n'kumati, "Pepani apongozi, ndibwerezanso." A Davide ankaseka osadziwa chimene ndanena.

Panali chinthu china chimene ankachita agogowo. Masana ena ankadzuka mwadzidzidzi n'kulunjika kukanjira kaja, kufuna kukadyetsa ng'ombe. Ndinkawagwira mkono n'kupita nawo. Kukholako kunali mdima, kuwala kumangolowera m'timing'alu tatitali timene anasiya m'khoma kuti mpweya uzipita. Modyera mwamiyala munali momwemo, mphete zachitsulo zomangirira zili m'khoma, ngalande yapansi ikutsikira kukabowo kumunsi. Fungo la ndowe linali lisanathe ngakhale ng'ombe zinachoka kalekale. Iwo ankayenda malo ndi malo akutchula maina, akusisita m'malere. Ine ndinkaima pakhomo ndikununkhiza kwathu.

Uthenga wa amayi unandipeza m'nyengo ya neve, chipale choyera chija chimagwa ngati ufa. Chinali chitatseka njira, galimoto sizinkakwera phiri. Unali m'mawa, ndinali nditangowasambitsa agogo. Ndinakwera kukatenga juzi, telefoni n'kulira pazenera. Anali achimwene.

"Achemwali, limbani mtima. Amayi atisiya kum'bandakucha."

Ndinafunsa kuti adwala liti. Anati ndi kale, koma amayiwo anawaletsa kundiuza, ati ndingasiye ntchito. Ndinafunsa za maliro. Anati mawa, kukutentha, sangadikire. Mawu anaduka, redi inapita.

Ndinatsika. Agogo anali pampando wawo akuwodzera. Kwathu maliro salira munthu mmodzi. Ukangoyamba, amayi a mudzi wonse amakulandira. Ndinayang'ana uku ndi uku, ndinasowa poyambira. Sindinafune kuwadzidzimutsa agogo, choncho ndinadutsa kanjira kaja, ndinalowa kukhola, ndinatseka chitseko. Ndinakhala pansi pamiyala, miyendo tambalale, n'kulira monga timalirira kwathu, mokweza, ndikutchula amayi ndi mfunda wawo, ndikuwafunsa kuti mwanayo amusiyira yani. Makomawo anameza zonse. Kunja nkhosa sizinadzutse n'komwe mitu.

Sindikudziwa kuti panapita nthawi yotani. Ndinangomva chitseko chikukwekwereza. Agogo anali atayenda okha, opanda ndodo, akugwira khoma. Anandiyang'ana, n'kubwera kudzatsetsereka pansi pambali panga, pamwala wozizirawo. Anandikokera mutu pamiyendo pawo. Ankalankhula zawo zija motsitsa, mawu amene mwina ankauza ng'ombe ikamavutika kubereka. Tinakhala choncho mpaka ndinamva kuti akunjenjemera. Ndinadzuka, ndinawabereka, ndinakawakhazika pamoto, n'kuwaphikira phala. Ntchito inapitirira.

Fernanda atamva, njira itatseguka anakwera phiri wapansi ndi kandulo ndi mpunga wophika. Anagona kwanga masiku awiri pakabedi kamodzi. Maliro a amayi anga anathera pamenepo.

Agogo a Gweni anakhala zisanu zina ziwiri. Anamwalira m'chipinda chawo cha kumwamba masana ena a dzuwa, zenera lili lotsegula, ndikuwadula zikhadabo. Amaliro atabwera, machira awo anakanika kukhota pamakwerero. Anayamba kunong'onezana zochotsa zenera. Ndinapempha a Davide kuti andilole. Ndinawatsitsa ine, kumsana, m'kapulana yemweyo, azibambo ovala zakuda atandipatsa njira.

Maliro awo anali aulemu koma achete. Anaimba bwino m'katchalitchi kawo, nyimbo zamawu anayi ngati za kwathu, kenaka anamwa tiyi, aliyense n'kulowa m'galimoto yake. A Davide anandigwira manja onse awiri. Anandilola kukhala mpaka nditapeza pena. Nyumba anaigulitsa kwa anthu a mumzinda. Ndinamva kuti kukhola kuja analoledwa kukonza, anaikamo mipando yofewa, alendo amalipira kuti agonemo patchuthi. Sindinapiteko kukaona.

Ndinagwira pena ndi pena, kufakitale kwa Fernanda, kenaka m'nyumba yosungira okalamba kumene munthu umamusambitsa osadziwa kumene anabadwira. Msana utayamba kukana, ndinabwerera.

Ku Chidzolomondo ndinapeza nyumba yanga itatha, yanjerwa zootcha, yamalata, mazenera akuluakulu okhala ndi zitsulo. Achimwene anagwira ntchito, sindingawanamizire. Anthu anabwera kudzandiona, anadya, anafunsa ngati n'zoona kuti azungu amagona ndi agalu. Ana a achimwene ankanditchula kuti azakhali a ku Ulaya, ndipo ndikalankhula ankaseka kuti Chichewa changa chikumveka chakale. Patatha sabata aliyense anabwerera kumunda kwake.

Tereza anali atakwatiwa ku Furancungo, ali ndi mwana wake kumsana. Anabwera panjinga yamoto tsiku lachitatu. Anagwada patali, anandipatsa moni wa alendo, maso ali pansi. Ndinamupatsa zimene ndinamugulira, anathokoza bwinobwino, anaziika pambali osatsegula.

M'mawa mwake ndinamupempha kuti andiperekeze kumanda. Tinapempha chilolezo kwa akuluakulu, tinapita awiri. Anandisonyeza mtumbira wokhala ndi mtanda wachitsulo, udzu utamera. Ndinagwada n'kuyamba kuzula. Misozi sinabwere. Iye anaima kumbuyo kwanga akugwedeza mwana.

"Unkawasamalira ndiwe?" ndinafunsa.

"Nanga akanatero ndani? Miyendo itafa ndinkawabereka popita kuchimbudzi. Sikola ndinasiyira pomwepo."

"Sanandiuze."

"Anatiletsa." Anakweza mwana kumsana. "Chakumapeto mutu unasokonekera. Sankandidziwanso. Ankandiitana dzina lanu."

Manja anga anaima muudzu.

"Ndiye iwe unkatani?"

"Ndinkavomera. Ankati, wabwera liti? Ine ndinkati, dzulo, amayi. Tsiku lililonse ankafunsa, tsiku lililonse ndinkati dzulo. Anapita akudziwa kuti munabwera."

Ananena zimenezo mopanda mkwiyo, ngati akunena mtengo wa chimanga. Ndinafuna kumuthokoza, ndinafuna kupepesa, koma zonse ziwiri zinaoneka zazing'ono mkamwa mwanga. Mwana anayamba kulira. Tereza anamumasula, anakhala pamuzu wa mtengo n'kumuyamwitsa, nkhope atalozetsa kumudzi. Ine ndinapitiriza kuzula udzu mpaka mtumbira wonse unayera, iye akundidikira.